Kusamalira khungu mukachotsa tsitsi ndi electrolysis

Tsiku limene ndinachotsa koyamba tsitsi la pachibwano ndi electrolysis, njira yopha mizu ya tsitsi ndi kasingano ka magetsi, nditadziyang'ana pagalasi ndinagwidwa ndi mantha. Chibwano chonse chinali ndi totupa ting'onoting'ono ngati ndalumidwa ndi udzudzu usiku wonse, ndipo ndikasendeza dzanja pafupi ndinkamva kutentha. Kutacha, totupa tija tinali titaphwa. Chimene chinandisiyira madontho akuda kwa miyezi ingapo si kasingano kaja ayi, koma zala zanga. Tsiku lachitatu panatuluka tinkhanambo, ine n'kuyamba kutitong'ola kamodzikamodzi. N'chifukwa chake ndikufuna mudziwiretu zimene khungu limachita tsiku lililonse, kuti muzitha kusiyanitsa zongofunika kuzisiya ndi zofunika kuthamangira nazo kuchipatala.

Dziwani kaye chimene chachitikira khungu

Wogwira ntchitoyi amalowetsa kasingano kowonda ngati tsitsi lenilenilo m'kabowo kamene tsitsi limatulukira, n'kukatsetsereza mpaka pamuzu. Sabaya khungu, amangotsata njira imene ilipo kale. Akafika pansi amatulutsa mphamvu ya magetsi yochepa kuti iphe muzuwo, kenako amachotsa tsitsilo ndi kopanira.

Njira zake zilipo zitatu. Ya galvanic, magetsi amasandutsa madzi ndi mchere za m'kabowomo kukhala kadontho ka sodium hydroxide, mankhwala owotcha aja amapangira sopo, ndipo ndiwo amawononga muzu. Imeneyi ndiyo yakale kwambiri: dokotala wa maso Charles Michel wa ku St. Louis, ku America, analemba za iyo mu 1875, atagwiritsa ntchito pochotsa nsidze zomerera mkati zimene zinkalasa maso a odwala ake. Ya thermolysis imapha muzu ndi kutentha. Ya blend imaphatikiza ziwirizi.

Kaya agwiritsa ntchito njira iti, tsitsi lililonse lochotsedwa limasiya kachilonda kamoto pansi pa khungu. Mukakhala pampando theka la ola, tizilondato timakhala makumi angapo, mwinanso mazana. Ndiye khungu likatupa, likatentha, likayabwa, sikuti china chalakwika. Thupi likuthamangitsira magazi kumeneko kuti likakonze.

Choyamba: chisamaliro chimayamba musanagwidwe

Zambiri zimene anthu amadzadandaula nazo pambuyo zikanapeweka ndi kukambirana kwa mphindi zisanu. Musabise kanthu. Ngati khungu lanu limapanga zipsera zotupa zija zimangokulirakulira, zimene madokotala amati keloid, nenani, ndipo muyambe mwaonana ndi dokotala. Kumbukirani pamene munaboola khutu kapena pamene munatemedwa katemera: panapola bwanji? Nenaninso ngati muli ndi matenda a shuga, chifukwa zilonda zimachedwa kupola, ngati muli woyembekezera, ngati muli ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, ngati mukumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin kapena aspirin, kapena mankhwala amphamvu a ziphuphu otchedwa isotretinoin. Tsitsi lomera pa kachidontho kobadwa nako musalole kuti lichotsedwe dokotala asanakaone.

Amene mumatuluka timatuza ta m'mbali mwa milomo, tija timabwera mukadwala kapena mukatopa, mudziwe kuti kutentha kwa kasinganoko kumatha kutidzutsa. Tikakhala tatuluka kale, sinthani tsiku. Ngati timabwera kawirikawiri, dokotala angakulembereni aciclovir woti muyambe kumwa tsikulo lisanafike.

Pemphani kuti ayambe ayesa pamalo pang'ono posaonekera, mudikire sabata imodzi kapena ziwiri muone mmene papolere. Ndikudziwa kuti munthu amene wavutika zaka ndi ndevu zosafunika amafuna zonse zichoke lero lomwe, koma kudikira kumeneku kumakuuzani zambiri za khungu lanu ndi za dzanja la wogwira ntchitoyo. Onetsetsaninso ndi maso anu kuti kasingano akukatsegula m'paketi yatsopano ndipo wavala magolovesi. Matenda oyenda m'magazi monga hepatitis B amadutsira pa zipangizo zobwereza. Ngati ndolo kapena wotchi yachitsulo imakutulutsani zidzolo, muuzeni, chifukwa pali masingano okutidwa ndi golide.

Masiku angapo tsikulo lisanafike, siyani mafuta osenda khungu monga a retinol, a tretinoin ndi a asidi. Lekani kumeta masiku awiri kapena atatu kuti tsitsi lioneke n'kugwirika. Pitani nkhope ili yosamba, yopanda zopakapaka. Ndipo musapangane tsiku loyandikana ndi chochitika chachikulu chimene mukufuna kukaonekako bwino.

Chachiwiri: muli pampando, musakhale chete

Tsitsi limene muzu wake wafa limatuluka mosavuta, ngati likungotsetsereka. Mukamamva kuti akuzula, ndiye kuti mphamvu yachepa kapena kasingano sikanafike pamuzu, ndipo tsitsilo lidzameranso. Mbali inayi nayo ndi yoopsa: mukamva kulira koti the-the pakhungu, kapena khungu la pamwamba likutuwa n'kumamatira kukasingano, ndiye kuti moto wachuluka kapena ukutulukira pamwamba kwambiri. Pamenepo ndi pamene pamachokera nkhanambo zikuluzikulu ndi timaenje. Lankhulani mwaulemu koma momveka: "Pepani, ndikumva ngati mukuzula," kapena "Apa pakuwotcha kuposa poyamba paja, tatiyeni tione." Wodziwa ntchito sakwiya ndi mawu otere.

Pamlomo wam'mwamba khungu ndi lofewa, tsitsi n'lothithikana. Kuchotsa lonse tsiku limodzi kumapangitsa tizilonda tija kulumikizana n'kukhala chilonda chimodzi. Ndi bwino azidumphadumpha, azipatulira, lina lidikire ulendo wotsatira.

Chachitatu: maola oyamba mukafika kunyumba

Sambani m'manja. Kulungani ayisi m'kansalu koyera, kapena nyowetsani kansaluko m'madzi ozizira, muike pamalopo mphindi 10, muchotse, mupumule mphindi 10, mubwereze kangapo. Ayisi asakhudze khungu mwachindunji, chifukwa naye amawotcha. Ngati anakupakani mankhwala ochititsa dzanzi monga a lidocaine, samalani kwambiri, popeza simungamve kuzizira kukapitirira.

Pakhungu loyera malowo amafiira moonekeratu. Pakhungu lakuda kufiirako nthawi zambiri sikuoneka. Pamangodera, kapena pamaoneka mobiriwira pang'ono. Choncho musadalire mtundu wokha. Onani kutupa, mverani kutentha ndi ululu. Kwa ambiri zimenezi zimatha m'maola ochepa, kwa ena zimafika tsiku limodzi kapena awiri, makamaka pamlomo ndi pafupi ndi maso. Usiku woyamba gonani mutu uli pamwamba pang'ono, pa pilo wokutidwa ndi nsalu yochapa kumene.

Mwina muona timadzi tachikasu tikutuluka m'timabowo tina n'kuuma ngati timchenga. Amenewo si mafinya, ndi madzi a m'thupi. Tikakhala tochepa musade nkhawa, koma tikachuluka mudzamuuze wogwira ntchitoyo, chifukwa timasonyeza kuti mphamvu inakwera. Kadontho kobiriwira ka magazi ogwera mkati nakonso kamachitika kasingano kakakhudza kamtsempha. Kamatha kokha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Ululu ukavuta imwani paracetamol, osati aspirin, amene amawonjezera kubiriwirako.

Lamulo la maola amenewa ndi limodzi: manja kutali. Mudzadabwa kuchuluka kwa nthawi zimene dzanja limapita lokha kuchibwano, mukuwerenga, mukuganiza, mukuyankhula pafoni. Foniyo muipukute, kapena muiike kukhutu lina.

Chachinayi: tsiku loyamba ndi lachiwiri

Timabowo tija timakhala tisanatsekeke, ndiye chilichonse chimene mwapaka chimalowa. Sambitsani malowo kawiri patsiku ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wofatsa wopanda fungo, ndi nsonga za zala zokha, kenako mugunditse chopukutira choyera pang'onopang'ono osakhula. Kwa maola 24 musapake phaudala kapena zophodera zilizonse. Ngati mungathe, fikani maola 48. Pefyumu asafikepo. Ngati munachotsa la kukhwapa, mankhwala oletsa fungo la thukuta adikire tsiku limodzi kapena awiri. Ngati ndi la kumalo obisika, valani zovala zamkati za thonje zotakasuka, ndipo mupumule zogonana masiku awiri.

Kutentha ndi thukuta zimakulitsa kutupa ndipo zimabweretsa tiziphuphu. Pewani kusamba madzi otentha kwambiri, kufukiza nkhope ndi nthunzi, kuthamanga kapena masewera olimbitsa thupi, ndi kusambira.

Nanga mupake chiyani? Zochepa kwambiri. Jelo wa alovera wopanda fungo ndi mtundu amaziziritsa bwino, ena amakonda madzi ochokera ku chomera chotchedwa witch hazel. Mafuta olemera muyambe mwawasiya tsiku loyambali, chifukwa amatseka timabowo kutentha kudakali mkati. Kuyabwa kukakusowetsani tulo, funsani kufamase za mapiritsi monga cetirizine. Ndipo chonde, musapake mandimu, mchere, mankhwala otsukira mano kapena sipiriti poganiza kuti muumitse msanga. Zimenezi zimawotcha khungu lopsa kale, ndipo mtengo wake mudzaulipira ndi madontho.

Chachisanu: nkhanambo

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndiye ndichedwepo. Pakapita maola 24 mpaka 48, pamwamba pa timabowo tina pamatuluka tinkhanambo tating'ono ngati mutu wa phini, tofiirira kapena takuda. Kumaso sititulukira aliyense, koma pathupi, monga pamimba, pamiyendo ndi pachifuwa, n'tofala. Kankhanambo kalikonse ndi chivindikiro chimene thupi laika kuti khungu latsopano limere pansi pake popanda chosokoneza. Kumaso timagwa tokha pakapita pafupifupi sabata imodzi. Pathupi timatha kufika masabata awiri kapena kuposerapo.

Vuto lake n'lakuti timagwirika. Mukadutsitsa chala mumamva kukhakhala, ndipo chikhadabo chimafuna kumaliza ntchito. Mukakatong'ola kasanapse, pansi pake mumapeza khungu lofiira, lonyowa, ndipo chilonda chimayambiranso. Nthawi yotupa imatalika, ndipo kutupa kukatalika dontho lakuda limazama. Mukabwereza pamalo amodzimodzi, pamatsala kadzenje kosatha.

Chimene chinandithandiza ine maulendo otsatira ndi ichi: ndinawenga zikhadabo, ndinachotsa galasi lokulitsa nkhope m'chipinda, ndipo kuyabwa kukabwera ndinkaika kansalu kozizira m'malo mokanda. Kuyambira tsiku lachitatu mukhoza kupaka mafuta ofewetsa khungu opanda fungo, pang'ono chabe, kuti tinkhanamboto tisalimbe n'kung'ambika. Posamba musatikhule ndi chinkhupule kapena sopo wamchengamchenga. Ngati mukuyenera kupaka zophodera popita kuntchito, gwiritsani ntchito siponji kapena burashi yochapa, muzigunditsa osati kupaka mokoka, ndipo madzulo muzichotsa modekha. Lezala lisadutse pamene pali nkhanambo. Dulani tsitsi lotsala ndi kasizasi.

Nkhanambo zazikulu, zolumikizana, kapena zotuluka pa kabowo kalikonse kumaso ulendo uliwonse, zimenezo si zachizolowezi. Zikukuuzani kuti mphamvu ichepe.

Chachisanu ndi chimodzi: tiziphuphu, ndi nthawi yopita kuchipatala

Tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amatuluka tiziphuphu toyera kumutu, makamaka pachibwano ndi pamlomo. Musafinye. Pitirizani kusambitsa kawiri patsiku, ndipo maola 48 akadutsa mukhoza kuthowa ndi kansalu kofunda. Timauma tokha m'masiku ochepa.

Chizindikiro chodalirika ndi kumene zinthu zikulowera. Khungu limene likupola limakhala bwinoko tsiku lililonse. Likamaipiraipira tsiku lachiwiri litadutsa, ndiye kuti mwina mwalowa tizilombo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati ululu ukukula ndipo pakugunda, kutupa ndi kutentha kukufalikira kupitirira pamene anagwira, pakutuluka mafinya, pakuuma nkhanambo zachikasu ngati uchi zimene zikuyanga, mwatuluka mwanabele m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche, kapena thupi latentha. Timatuza tamadzi tounjikana, towawa mobaya, nato tikufunika dokotala msanga, makamaka tikakhala pafupi ndi diso. Kutupa milomo, lilime kapena kubanika popuma mutapaka mankhwala ena ake n'kofunika chithandizo nthawi yomweyo.

Chachisanu ndi chiwiri: dzuwa ndi madontho akuda

Electrolysis ili ndi ubwino umodzi waukulu kwa ife akhungu lakuda: siyang'ana mtundu. Laser, njira ina yochotsa tsitsi ndi kuwala, imafunafuna melanin, chinthu chimene chimadetsa tsitsi ndi khungu, n'chifukwa chake imalephera pa imvi ndipo imafuna kusamala kwambiri pakhungu lakuda. Kasingano kamangopita pamuzu, kaya tsitsi n'loyera kapena lakuda. Koma kupola ndi nkhani ina. Khungu lokhala ndi melanin wambiri likapsa kapena kutupa, limayankha popanga melanin winanso pamalo pomwepo. Zotsatira zake ndi timadontho takuda, kamodzi pa kabowo kalikonse, timene timaoneka nkhanambo zikagwa.

Timadontho timeneti si zipsera. Khungu limakhala losalala, mtundu wokha ndiwo wasintha, ndipo timazimiririka. Koma timatenga miyezi, nthawi zina kupitirira chaka, ndipo dzuwa limatidetsa tsiku lililonse limene lationa. Masiku awiri oyamba tetezani malowo ndi mthunzi, chipewa chachikulu kapena ambulera. Akadutsa masikuwo, yambani kupaka mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, m'mawa uliwonse, ngakhale kuli mitambo, ndipo mukakhala panja muzibwereza pakatha maola awiri. Okhala ndi zinc oxide sanyerenyesa khungu lofewa. Aja ali ndi mtundu wa khungu, okhala ndi iron oxide, amatchinganso kuwala kooneka ndi maso, kumene nakonso kumadetsa madontho. Anthu ambiri amaganiza kuti khungu lakuda silifuna mafuta amenewa. Pa nkhani ya madontho, ndi lomwe limawafuna kwambiri, ndipo muwapake kwa nthawi yonse imene mukuchita electrolysis.

Khungu likapola kwathunthu, nkhanambo zonse zitagwa, mafuta a niacinamide kapena a azelaic acid amathandiza kuti madontho azimiririke msangako. Hydroquinone amagwira ntchito, koma ndi wofunika kulemberedwa ndi dokotala kwa nthawi yowerengeka, chifukwa akapakidwa nthawi yaitali amatha kusiya mawanga akuda ovuta kuchiza. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musathamangire mafuta oyeretsa khungu osadziwika zimene zilimo. Ambiri amakhala ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol kapena betamethasone, amene amapyapyalitsa khungu, amachedwetsa zilonda kupola, amabweretsa ziphuphu, ndiponso amatha kumeretsa cheya chambiri pankhope yomweyo imene mukulipira kuti isalale. Ena amakhala ndi mercury, amene amawononga impso.

Chachisanu ndi chitatu: pakati pa ulendo uno ndi wotsatira

Pakapita masabata angapo mudzaona tsitsi likumeranso pamalo pomwe paja, ndipo mtima udzagwa. Lambiri mwa limeneli si lomwe linachotsedwa. Tsitsi silimera lonse nthawi imodzi. Lina limakula, lina limapumula pansi pa khungu kudikira nthawi yake. N'chifukwa chake kumaliza malo amodzi kumatenga maulendo ambiri, kawirikawiri chaka kapena chaka ndi theka. Bungwe la FDA la ku America, loona za chakudya ndi mankhwala, limavomereza electrolysis kutchedwa njira yochotsa tsitsi mpaka kalekale, koma muzu uliwonse uyenera kugwidwa pawokha.

Ndiye musazule, musamate phula, musachotse ndi ulusi. Tsitsi lozulidwa limasowa kwa masabata, wogwira ntchito sangalipeze, ndipo kuzula kumawonjezera kutupa ndi tsitsi lomerera mkati. Dulani ndi sizasi, kapena metani khungu likapola. Kumeta sikukhuthalitsa tsitsi. Kumangodula nsonga yake yosongoka. Tsitsi lopotana likamerera mkati musalikumbe ndi phini, musiyireni wogwira ntchitoyo.

Kwa amayi amene ndevu zikungowonjezereka, makamaka ngati msambo ukudumphadumpha kapena ziphuphu zachuluka, kayezetseni mahomoni. Vuto la mahomoni lokhudza thumba la mazira, lotchedwa PCOS, ndi limodzi mwa zimene zimayambitsa zimenezi kawirikawiri. Kasingano kamapha mizu imene ilipo, koma sikaletsa mahomoni kudzutsa ina, ndipo khungu limatopa ndi kugwidwa kosatha.

Malo amene sanapole asagwidwenso. Ngati tsiku lopangana lafika nkhanambo zidakalipo kapena pakadali powawa, pemphani agwire mbali ina kapena musinthe tsiku. Jambulani malowo ndi foni madzulo a tsiku loyamba, tsiku lachitatu ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri, pakuwala kofanana, chifukwa wogwira ntchitoyo amakuonani mutapola kale ndipo sadziwa zimene munadutsamo. Muonetseni zithunzizo, mumuuze kuti kutupa kunatha liti ndipo nkhanambo zinagwa tsiku lachingati. Akatero angathe kutsitsa mphamvu, kusintha kukula kwa kasingano, kugwiritsa ntchito kasingano kokutidwa mwapadera kamene kamatulutsa moto kunsonga kokha, kufupikitsa nthawi, kapena kuchoka pa thermolysis n'kuyesa blend. Koma ngati mwamuonetsa nkhanambo zikuluzikulu kapena timaenje, iye n'kungoti "zimatero, musadandaule" osasintha kanthu, musabwererekonso mpaka dokotala wa khungu ataona malowo, ndipo mufunefune dzanja lina.